Kukonza Pempho la Ndalama za Kafukufuku Wochitira Pamodzi ndi Ofufuza a Mayiko Ena

Mabungwe amene amapereka ndalama za kafukufuku wa mayiko angapo amalandira mapempho ochuluka kwambiri kuposa amene angathe kuwalipirira, choncho owunika amakakamizika kusiya mapempho ambiri amene sayansi yake ilibe chilema. Chimene chimasiyanitsa pempho lopambana ndi linzake lofanana nalo pa luso, kawirikawiri, ndi funso limodzi limene wowunika amakhala nalo m'mutu akamawerenga: kodi anthu alembedwa apawa agwirizanadi kugwira ntchito imodzi, kapena wina wangosonkhanitsa mayina a mayiko kuti akwaniritse lamulo? Yankho lake silipezeka m'mawu okometsera a kumayambiriro. Limaonekera m'kagawidwe ka ntchito, m'bajeti, ndi m'zimene mwapangana zokhudza deta ndi mayina a olemba, ndipo n'chifukwa chake zambiri zimene zikufotokozedwa pano ziyenera kuchitika musanayambe kulemba pempho lenilenilo.

Chilengezo ndi malamulo ake

Werengani chilengezo chonse pamodzi ndi zikalata zimene chikutchula, ndipo yambani ndi gawo lonena za amene ali oyenera kupempha, chifukwa pempho limene laphwanya lamulo la pamenepo limatayidwa lisanafike n'komwe kwa owunika. Horizon Europe, pulogalamu ya European Union ya zaka za 2021 mpaka 2027 imene inapatsidwa mayuro pafupifupi 95.5 biliyoni, imafuna kuti gulu lopempha likhale ndi mabungwe osachepera atatu osadalirana, ochokera m'mayiko atatu osiyana amene ndi mamembala a European Union kapena ogwirizana nayo pa pulogalamuyi, ndipo limodzi mwa mabungwewo likhale la dziko la membala. Mabungwe a mayiko ambiri osauka ndi apakatikati amaloledwa kulowa m'gulu ndi kulandira ndalama, koma amabwera moonjezera pa atatu aja ndipo sawerengedwa pa atatuwo, kupatulapo ngati dziko lawo linasaina mgwirizano ndi pulogalamuyi monga inachitira Tunisia. Ofufuza a ku Brazil kapena ku India, mwachitsanzo, angathe kukhala m'gulu, koma sikuti amalandira ndalama mwachisawawa monga anzawo a mayiko osauka.

Ena amayendetsa zinthu mosiyana kotheratu. Pa zilengezo za Belmont Forum, imene inayamba mu 2009 ndipo imaona za kusintha kwa chilengedwe, bungwe lopereka ndalama la dziko lililonse limalipirira ofufuza amene lavomereza kuwalipirira, motero aliyense m'gulu ayenera kukwaniritsa malamulo a bungwe lake kuphatikiza pa malamulo a chilengezo chonse. Mnzanu mmodzi akapezeka kuti sali woyenera, gulu lingatsike pa chiwerengero chofunika cha mayiko, ndipo pempho lonse limagwa naye. EDCTP, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya ndi a mu Africa umene unakhazikitsidwa mu 2003, imalimbikira pa kafukufuku wa matenda opatsirana kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndipo imayembekezera kuona mabungwe a ku Ulaya ndi a mu Africa ali pamodzi. IDRC, bungwe la boma la Canada lolipirira kafukufuku wa chitukuko lomwe lilipo kuyambira 1970, imakonda ntchito zotsogoleredwa ndi ofufuza a m'mayiko omwe akutukuka kumene.

Musadalire zimene mnzanu anachita zaka zitatu zapitazo, ngakhale kuti iye anapambana. Mu 2021 boma la Britain linatsitsa ndalama zothandizira mayiko ena kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma cha dzikolo, ndipo ntchito zambiri za Global Challenges Research Fund, thumba la Britain lolipirira kafukufuku wothandiza mayiko osauka, zinadulidwa ndalama zili m'kati. Mu 2025 bungwe la NIH la ku America, lolipirira kafukufuku wa zaumoyo, linasintha malamulo okhudza ndalama zimene mabungwe a ku America amagawirako anzawo a kunja. Ngati pali pamene chilengezo sichikumveka, lemberani ofesala wa pulogalamuyo, popeza kuyankha mafunso otere ndi ntchito yake, ndipo sungani yankho lake lolembedwa.

Kupeza anzanu ndi kupangana nawo

Gulu labwino limakhala litayamba kudziwana chilengezo chisanatuluke. Zilengezo zambiri zimapereka miyezi yochepa chabe, nthawi imene ndi yokwanira kulemba koma yosakwanira kuti anthu osadziwana afike pokhulupirirana. Amene alibe anzawo kunja angayambe ndi zinthu zing'onozing'ono, monga kulemba nawo pepala limodzi, kuyang'anira pamodzi wophunzira mmodzi, kapena kupempha kandalama kochepa ka msonkhano wokonzekera, chifukwa zimenezi ndizo zidzakhale umboni pamene owunika adzafunse ngati munagwirapo ntchito limodzi.

Posankha bungwe loti lilowe m'gulu, dzifunseni kuti ndi ntchito iti imene ingalephereke bungwelo litachoka. Ngati palibe, ndiye kuti likungolemetsa bajeti, ndipo owunika adzaona. Dzina la pulofesa wotchuka amene wapatsidwa masiku owerengeka okha pa chaka silinyenga munthu amene wawerengapo mapempho ambiri. N'chimodzimodzinso ndi bungwe la dziko losauka limene ntchito yake yonse ndi kutolera magazi, dothi kapena mayankho a mafunso n'kutumiza kunja, pamene kusanthula ndi kulemba zonse zikuchitikira kwina. Kale mapempho otere ankadutsa, koma masiku ano opereka ndalama ambiri amawaona ngati chizindikiro cha mgwirizano wopondereza. Komiti ya KFPE ya ku Switzerland inalemba mfundo 11 za mgwirizano wa kafukufuku, ndipo yoyamba mwa mfundozo ndi yakuti onse akonzere pamodzi zimene afufuze. Malamulo a TRUST Code, amene anatuluka mu 2018 ndipo European Commission inawavomereza kuti opempha aziwatsata, akhazikika pa zinthu zinayi: chilungamo, ulemu, chisamaliro ndi kuona mtima. Ndi bwino kuti gulu lonse liwerenge zikalata ziwirizi pamsonkhano woyamba, anthu asanayambe kukokerana maudindo.

Kwa inu amene mukuitanidwa kulowa m'gulu la ena, makamaka ngati kuitanako kwabwera patatsala masiku ochepa, pemphani kuona pempho lonse ndi bajeti yonse musanapereke kalata ya bungwe lanu. Munthu amene akukana kukuonetsani bajeti pa nthawi imene akukufunani sadzakuonetsani ndalama zikabwera. Ndipo ngati funso la kafukufuku linakonzedwa kale inu musanamve, muli ndi ufulu wonena pamene silikugwirizana ndi mmene zinthu zilili kumene mukugwira ntchito, zomwe kwenikweni zimalimbitsa pempholo.

Sankhani mtsogoleri wa gulu poyang'ana mphamvu ya ofesi yake ya ndalama ndi ya mapangano, osati kutchuka kwa munthu yekha. Bungwe lotsogolera ndilo limalandira ndalama, kuzigawa, kusonkhanitsa malipoti ndi kuyankha mafunso a ofufuza mabuku a ndalama.

Kulemba molingana ndi mmene adzawunikire

Pafupifupi chilengezo chilichonse chimanena poyera miyezo imene owunika adzagwiritse ntchito, ndipo pempho liyenera kuyalidwa motsatira miyezoyo, mwa dongosolo lomwelo ndi mawu omwewo. Pa Horizon Europe miyezo ndi itatu: ubwino wa sayansi yake, phindu limene lidzatuluke, ndi kakonzedwe ka ntchito. Uliwonse umapatsidwa mamalikisi kuyambira 0 mpaka 5, ndipo pempho liyenera kupeza osachepera 3 pa uliwonse ndi osachepera 10 onse pamodzi. Kufika pa 10 sikutanthauza kuti mwalandira ndalama, chifukwa mapempho amaikidwa pamndandanda ndipo ndalama zimathera kumtunda kwake. Apa pali phunziro kwa asayansi amene amathera mphamvu zonse pa gawo loyamba n'kulemba awiri otsalawo usiku womaliza: pempho la 5 pa sayansi koma 3 pa enawo limagonja kwa limene lapeza 4.5 ponseponse.

Tsamba loyamba linene vuto, chimene sichikudziwika, chimene inu mudzachite, ndi chifukwa chake ntchitoyi singatheke m'dziko limodzi. Mfundo yomalizayi imaiwalika kwambiri, chonsecho ndiyo maziko a pempho la mtundu uwu. Tiyerekeze kuti mukufufuza za udzudzu umene sukufanso ndi mankhwala a m'masikito. Kunena kuti mgwirizano wa mayiko udzalimbikitsa kugawana nzeru ndi mawu opanda kanthu, amene angalembedwe pa pempho lililonse. Koma mukafotokoza kuti mayiko atatuwo akhala akugwiritsa ntchito mankhwala osiyana, ndipo kuti kuyerekeza udzudzu wa m'madera atatuwo ndiyo njira yokhayo yodziwira ngati vutolo likuchokera ku mankhwala a m'masikito kapena kwa opopera m'minda, wowunika amaona yekha kuti palibe dziko limene lingachotsedwe.

Zolinga zikhale zochepa ndi zoyezeka, ndipo cholinga chilichonse chilumikizane ndi gawo la ntchito limene lili ndi mtsogoleri wake, nthawi yake, ndalama zake ndi chinthu chooneka chimene lidzatulutse. Utsogoleri wa magawowa ugawidwe pakati pa mayiko, ndipo mabungwe a mayiko osauka asangopatsidwa gawo la maphunziro kapena lofalitsa uthenga lokha. Pa gawo la phindu, siyanitsani zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza: zimene ntchitoyo idzatulutse ikamatha, monga deta ndi mapepala, kusintha kumene kudzaoneke anthu ena akayamba kuzigwiritsa ntchito, monga unduna wa zaumoyo kusintha mtundu wa masikito amene umagula, ndi phindu la patsogolo, monga kuchepa kwa odwala. Tchulani amene adzagwiritse ntchito zotsatirazo, ndipo ngati n'kotheka, onetsani kuti mwalankhula nawo kale. Musalonjeze kuthetsa matenda m'zaka zitatu.

Lembaninso zimene zingasokonekere ndi chimene mudzachite zikatero: chilolezo kuchedwa, odwala kusapezeka okwanira, makina kuwonongeka, wofufuza wofunika kusiya ntchito. Ena amaopa kuti kutchula zimenezi kufooketsa pempho, koma wowunika wodziwa ntchito amakayikira kwambiri gulu limene likuoneka kuti silikuyembekezera vuto lililonse.

Ngakhale anthu khumi atapereka zigawo zawo, munthu mmodzi ndiye alembe zonse m'mawu amodzi pamapeto, kuti chiwerengero chimene chili pa tsamba lachitatu chisatsutsane ndi chimene chili pa tsamba lakumapeto. Kumbukirani kuti si owunika onse amene ali akatswiri a nthambi yanu yeniyeniyo, ndipo ambiri amawerenga m'chinenero chimene si chawo, choncho ziganizo zolunjika zimakupindulitsani kuposa mawu ozama. Kufupika kwa pempho sikupeputsa ntchito. Grand Challenges Explorations ya Gates Foundation, imene inayamba mu 2008, inkapereka madola 100,000 pa pempho la masamba awiri okha, ndipo m'masamba awiri mulibe malo obisamo ganizo losapsa.

Bajeti

Apa ndi pamene mgwirizano umayesedwa, pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pempho lingalankhule bwino za kufanana kwa onse pamene bajeti yake ikusonyeza kuti bungwe limene lidzagwire ntchito yambiri lapatsidwa kagawo kakang'ono. Bungwe lililonse likonze lokha bajeti yake mogwirizana ndi ntchito imene lavomera, mothandizidwa ndi akawuntanti ake, kenako zonse ziphatikizidwe ndi kukambidwa poyera. Njira yongouza mnzanu kuti ndalama zake ndi zakutizakuti, ndiye aone chimene angachite nazo, imabala mikangano m'chaka chachiwiri.

Samalani kwambiri ndi ndalama zoyendetsera bungwe, zolipirira magetsi, nyumba, intaneti ndi ogwira ntchito m'maofesi, chifukwa wopereka aliyense ali ndi mlingo wake. Horizon Europe imapereka 25 peresenti pamwamba pa ndalama zoyenera za ntchito yeniyeniyo. NIH imapereka 8 peresenti yokha kwa mabungwe a kunja kwa America. Gates Foundation imafika pa 15 peresenti kwa mayunivesite a kunja kwa America ndi mabungwe omwe si aboma. UKRI, bungwe la boma la Britain lolipirira kafukufuku, nthawi zambiri imalipira mayunivesite a ku Britain 80 peresenti ya mtengo wonse wa ntchito, yotsalayo n'kuchokera ku yunivesiteyo. Yunivesite yolemera ingathe kukwirira kusiyanako, koma bungwe laling'ono limene lalandira 8 peresenti lingapezeke likugwira ntchito moluza. Mankhwala ake ndi kuika m'ndalama za ntchito yeniyeniyo chilichonse chimene malamulo akulola, monga malipiro a woyang'anira pulojekiti, a akawuntanti wa pulojekitiyo, a wosunga deta, ndi kukonzetsa makina.

Funsani msanga ngati ndalama zidzabwere ntchito isanayambe kapena mudzabwezeredwa mutagwiritsa kale ntchito zanu. Kwa bungwe lopanda ndalama zosungira, kudikira kubwezeredwa kwa miyezi ingapo kumatanthauza antchito osalipidwa, ndipo nkhaniyi iyenera kupanganidwa ndi mtsogoleri wa gulu ndi kulembedwa. Ganiziraninso za kusintha kwa mphamvu ya ndalama, popeza thandizo limabwera m'mayuro, m'madola kapena m'mapaundi pamene malipiro amaperekedwa m'ndalama ya dziko lanu, ndipo m'zaka zinayi kapena zisanu kusiyanako kungakhale kwakukulu. Onjezani kukwera kwa malipiro chaka ndi chaka ngati malamulo akulola. Zinthu zina zimene zimaiwalika ndi msonkho wa katundu wolowa m'dziko, kutumiza zinthu zofunika kuzizira, ma visa ndi inshuwalansi ya paulendo, kumasulira mafomu a chilolezo m'zinenero za anthu ofunsidwa, malipiro a makomiti owunika za ufulu wa anthu, ndi ndalama zosindikizira mapepala kuti aziwerengedwa mwaulere. Chilichonse cha m'bajeti chikhale ndi chifukwa chake cholembedwa, ndipo chioneke m'ndondomeko ya ntchito. Galimoto imene yangotulukira m'bajeti popanda ulendo uliwonse wotchulidwa imadzutsa mafunso.

Opereka ndalama amafufuzanso ngati bungwe lingathe kusunga bwino ndalama. Adzafuna malipoti a ofufuza mabuku a zaka zapitazo, malamulo ogulira katundu, ndi ndondomeko zolimbana ndi katangale ndi nkhanza. Muyezo wa Good Financial Grant Practice, umene unakonzedwa motsogoleredwa ndi African Academy of Sciences, umathandiza bungwe kudziyesa lokha pa zinthu zimenezi lisanafunsidwe.

Zilolezo, deta ndi mayina a olemba

Kafukufuku wokhudza anthu amafuna chilolezo m'dziko lililonse limene adzachitikire, ndipo chilolezo cha yunivesite ya mtsogoleri sichilowa m'malo mwa cha kumene kuli anthuwo. Declaration of Helsinki, ya 1964 imene inakonzedwanso mu 2024, ndiyo maziko amene makomiti ambiri amatsata pa kafukufuku wa zaumoyo. Nthawi zambiri simufunika kukhala ndi chilolezo potumiza pempho, koma muyenera kusonyeza makomiti amene mudzapiteko ndi kuika miyezi yodikira m'ndondomeko yanu. Gulu limene lalemba kuti lidzayamba kulemba odwala m'mwezi woyamba limadziulula kuti silinachitepo ntchito yotere.

Ngati mbewu, tizilombo kapena zamoyo zina zidzatumizidwe kunja, Nagoya Protocol, imene inavomerezedwa mu 2010 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2014, imafuna chilolezo cha dziko limene zikuchokera ndi pangano la kagawidwe ka phindu. Magazi ndi zina zochokera m'thupi la munthu zimayendera malamulo a dziko lililonse ndi pangano lapadera lotumizira zinthu. Deta ya anthu imene ikudutsa m'mabungwe a ku Ulaya imakhudzidwa ndi lamulo la European Union loteteza deta ya anthu la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018. Horizon Europe imafuna ndondomeko yosungira deta m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, NIH yakhala ikufuna ndondomeko yotere pamodzi ndi pempho kuyambira mu January 2023, ndipo ambiri amatchula mfundo za FAIR za 2016, zakuti deta izipezeka, izifikirika, izigwirizana ndi ina ndiponso izitha kugwiritsidwanso ntchito. Pamene mukulonjeza kutsegula deta kwa onse, panganani nthawi imene otolera detayo adzakhale nayo kuti ayambe ndiwo kulembapo, chifukwa bungwe lokhala ndi makompyuta amphamvu ndi antchito ambiri lingathe kusindikiza msanga kuposa eni ntchito. Za mayina pa mapepala, gwirizanani tsopano potsata miyezo ya ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, kapena ndondomeko ya CRediT imene imatchula maudindo 14 a ogwira nawo kafukufuku, ndipo lembani m'pempho kuti ofufuza achinyamata a mayiko onse adzatsogolera ena mwa mapepalawo.

Kulembetsa ndi kutumiza

Kulembetsa bungwe kumatenga nthawi kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa Funding and Tenders Portal ya European Union, bungwe lililonse limafuna nambala ya PIC ya manambala 9. Kwa NIH mufunika kulembetsa pa SAM.gov kuti mupeze nambala ya UEI yozindikiritsa bungwe lanu, komanso pa Grants.gov ndi eRA Commons, ndipo NIH yomweyo imachenjeza kuti zimenezi zingatenge masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Wofufuza aliyense akhale ndi nambala ya ORCID, yomuzindikiritsa pakati pa ofufuza ena, yokhala ndi mbiri yake yatsopano.

Ikani tsiku lanu lomaliza sabata imodzi kapena awiri lisanafike la wopereka ndalama, poganizira kuti akuluakulu a bungwe lililonse ayenera kusaina ndipo sakhala pa ofesi nthawi zonse. Pezani munthu amene sanalembe nawo kuti awerenge pempho lonse ali ndi miyezo ya owunika m'manja, n'kupereka mamalikisi mosanyengerera. Zilengezo za Horizon Europe zimatseka 5 koloko madzulo pa nthawi ya ku Brussels, masamba opyola malire saonetsedwa kwa owunika, ndipo makinawo amalola kutumiza kangapo tsiku lisanakwane n'kusunga lomaliza, choncho tumizani limene lilipo masiku angapo m'mbuyo, kenako muzilikonza.

Zotsatira za Horizon Europe zimayenera kubwera m'miyezi isanu, ndipo pangano la ndalama lisainidwe m'miyezi isanu ndi itatu kuchokera pa tsiku lotseka. Mukakanidwa, gawanani lipoti la owunika ndi gulu lonse, musiyanitse zimene iwo sanamvetse chifukwa cha kalembedwe ndi zimene zilidi zofooka m'ganizo lanu. NIH imalola kutumizanso pempho lokonzedwa kamodzi, ndi tsamba loyankha madandaulo a owunika. Mukapambana, pangano la pakati pa mabungwe a m'gulu, limene ambiri ku Ulaya amalikonza potengera chitsanzo cha DESCA, lisainidwe ndalama zisanayambe kuyenda, ndipo linene momveka masiku otumizira ndalama kwa bungwe lililonse, mwini wa zimene zidzatulukiridwe, kavotedwe pa zisankho zikuluzikulu, ndi chimene chidzachitike bungwe lina likalephera ntchito yake kapena likafuna kutuluka.